Mlandu wa mumtima: kugonana, manyazi ndi zimene timayembekezera kwa mwamuna ndi mkazi mu Blantyre

Tsiku lina madzulo, pa nthawi imene anthu amakhala akuweruka kuntchito ndipo maminibasi a ku Bangwe ndi ku Machinjiri akulimbirana okwera, ndinaima pamzere m'sitolo ina yogulitsa mankhwala ku Limbe. Patsogolo panga panali mtsikana wa zaka zopitirirako 20, wovala ngati munthu wogwira ntchito mu ofesi. Kawiri konse iye anapatsa mpata anthu ena kuti amupitirire, akunamizira kuwerenga zolembedwa pa mabotolo a mafuta odzola. Mzere utatha anasendera pafupi ndi wogulitsa n'kuyamba kunong'ona, koma nthawi yomweyo munalowa mayi wina wachikulire atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi. Mtsikana uja anakweza mawu nati, "Mundipatse Panado," analipira n'kutuluka mofulumira, ndipo wogulitsayo anabwezera pansi pa kauntala kapaketi ka makondomu kamene anali atatulutsa kale. Pasanathe mphindi zisanu kunabwera mnyamata wa msinkhu womwewo, amene anaitanitsa Chishango ali chiimire pakhomo, mawu ali pamwamba, ngati akugula mayunitsi a foni.

Woona zimenezi mwachangu anganene kuti mtsikanayo ali ndi chikumbumtima pamene mnyamatayo alibe. Koma onse awiri ndi akuluakulu pamaso pa lamulo, popeza malamulo aakulu a dziko lino, monga anasinthidwira mu 2017, amati ubwana umathera pa zaka 18, ndipo onse ankafuna chinthu chololedwa, chimene chakhala chikulengezedwa pa wailesi kuyambira pamene Chishango chinayamba kugulitsidwa mu 1994. Chimene chinawasiyanitsa ndi chakuti aliyense ankatsata zimene anaphunzitsidwa: mkazi asaoneke kuti anakonzekera, mwamuna asaoneke kuti akuopa. Kudziimba mlandu kumene achinyamata ambiri amakhala nako pa nkhani ya kugonana nthawi zambiri sikuyeza kuipa kwa zimene achita, koma kumayeza mtunda umene atalikirana ndi chithunzi cha "mkazi wamakhalidwe" kapena "mwamuna weniweni". N'chifukwa chake mlandu wa mumtimawu umalemera kwa ena amene sanalakwire munthu, ndipo umapepuka kwa ena amene apweteka anzawo ndithu.

Pali zinthu zitatu zimene timakonda kuzisakaniza, ngakhale kuti Chichewa chimazisiyanitsa bwino. Mantha amayang'ana kutsogolo, ku mimba, ku matenda, ku kudulidwa mumpingo. Manyazi amafuna maso a anthu, kaya enieni kapena ongowaganizira. Chikumbumtima chimalankhula ngakhale munthu ali yekha mumdima, ndipo chimaloza chinthu chimodzi chimene wachita. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Helen Block Lewis, anafotokoza mu 1971 kuti wotsutsidwa ndi chikumbumtima amati "ndachita choipa", pamene wogwidwa ndi manyazi amati "ndine woipa", ndipo June Tangney ndi anzake anaonetsa pambuyo pake kuti woyambayo amafunafuna njira yokonzera cholakwacho, pamene wachiwiriyo amabisala, amakana, kapena amapsera mtima ena. Tikamvetsera mmene timalankhulira, tipeza kuti kwa mtsikana timagwiritsa ntchito mawu a mtundu wachiwiriwo. Timati "anawonongeka", timauza mnyamata kuti "wawononga mwana wa eni", ngati kuti munthu ndi chimanga chofumbwa chimene sichingabwererenso mwakale. Kwa mnyamata timangoti "walakwitsa", ndipo cholakwa chimatha ndi chindapusa.

Kuti timvetse kumene zimenezi zinachokera tiyenera kufukula pansi, chifukwa mumtima mwa wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni muli ziphunzitso zingapo zimene zinaunjikana pa nthawi zosiyana, ndipo sizigwirizana. Chapansi penipeni ndi cha makolo. Amang'anja, Achewa, Ayao ndi Alhomwe sankaona kugonana ngati chinthu chonyansa mwa icho chokha. Ankakuona ngati moto, umene umaphika chakudya koma umathanso kutentha nyumba. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mnzake ankatchedwa wotentha, ndipo khanda, wodwala kapena namwali ali kutsimba anali wozizira. Wotentha akakhudza wozizira, kapena akathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, ankakhulupirira kuti amudula, ndipo zizindikiro za mdulo kapena tsempho zinali kutupa nkhope ndi miyendo, kutsokomola ndi kuonda. N'chifukwa chake kunali kudika pa nthawi ya maliro, ya chinamwali ndi ya kubadwa kwa mwana. Achipatala lero amafotokoza zizindikirozo ngati za kuperewera kwa zakudya m'thupi kapena za chifuwa chachikulu, koma chikhulupirirocho sichinafe, ndipo mwana akatupa m'nyumba ya lendi ku Mbayani agogo ake amayambabe ndi kuyang'ana bambo wa mwanayo ndi diso lofunsa. Chofunika kuona apa n'chakuti mlandu wa mdulo unali ndi wopwetekedwa wodziwika, ndipo unkamanga amuna molimba ndithu. Mwamuna woyenda kunja mkazi wake ali woyembekezera ankaimbidwa mlandu woika moyo wa mayi ndi mwana pachiswe.

Dongosolo limenelo linali ndi aphunzitsi ake. Kholo silinkalankhula ndi mwana wake za kuchipinda, koma panali anamkungwi, agogo, azakhali, atsibweni ndi ankhoswe, amene ntchito yawo inali yomweyo. Anthu atasamukira m'tauni kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata ndi m'masitolo a ku Limbe, lamulo lakuti kholo lisatchule nkhani zimenezi linakwera nawo basi, koma aphunzitsi aja anatsala ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu. Mwana wa m'tauni analandira chete wopanda womasulira.

Pamwamba pa zimenezi panabwera chiphunzitso cha mishoni. Amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamalizidwa mu 1891, chikadali chiimire pakati pa mzindawu. Chikhristu chinasintha maziko a mlandu. Kugonana kunja kwa ukwati kunakhala tchimo pamaso pa Mulungu, kaya pali wodwala kapena palibe, ndipo molingana ndi Mateyu 5:28 ngakhale kuyang'ana ndi chilakolako kunalowa m'gulu lomwelo. Khoti linasamuka pabwalo la mfumu n'kulowa m'mutu mwa munthu, mmene limazenga milandu usana ndi usiku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu, amenenso chipembedzo chawo chimaletsa chiwerewere mwamphamvu, choncho ndi achinyamata ochepa kwambiri mwa anthu 800,000 a mumzindawu amene anakula osamva chiphunzitsochi. Kunena mwachilungamo, m'mabuku opatulika lamulolo ndi limodzi kwa mwamuna ndi mkazi. Koma chilango cha mpingo chimafuna umboni, ndipo umboni umene sungabisike ndi mimba. Amene amaimitsidwa mgonero, amene amachotsedwa m'kwaya, amene dzina lake limawerengedwa Lamulungu m'mawa, kawirikawiri ndi mtsikana. Ngakhale m'nkhani ya pa Yohane 8, mkazi wogwidwa m'chigololo anabwera naye yekha, ngati kuti anachimwa ndi mphepo.

Boma nalo linaikapo dzanja. M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ankatcha amayi onse mbumba yake, lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Ntchito za kulera zinaletsedwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo zinabwereranso mu 1982, pansi pa dzina lofewa lakuti kubereka motalikitsa. Lamulo la kavalidwelo linatha pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkafika kumapeto, koma mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kuno ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauzi m'misewu, mpaka amayi anachita msonkhano wotsutsa mumzinda muno, umene Joyce Banda, ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anafikapo. Ena mwa anyamata ovula anzawowo ayenera kuti anali ana pamene lamulolo linkathetsedwa, koma phunziro lake lakuti thupi la mkazi ndi nkhani ya gulu lonse linali litawafika.

Kenako kunabwera Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Ambiri mwa amene lero ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 30 anabadwa pa nthawi imene malo okhomera mabokosi a maliro anali ponseponse m'mbali mwa misewu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Ambiri analeredwa ndi agogo. Phunziro loyamba la kugonana limene analandira, kusukulu, pa wailesi ndi pa maliro, linali lakuti kumapha, ndipo alaliki ena anawonjezera kuti imfayo ndi malipiro a uchimo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100 alionse ali ndi HIV, akazi ochuluka kuposa amuna, ndipo mzinda wa Blantyre uli m'gulu la madera amene chiwerengerocho ndi chokwera kwambiri. Pakati pawo pali anyamata ndi atsikana amene anabadwa nako kachilomboko, amene amabisa botolo la mankhwala pansi pa sutikesi ku hositelo, akusenza manyazi a tchimo limene sanachite. Palibe chitsanzo china chimene chimaonetsa bwino kuti manyazi ndi kulakwa ndi zinthu ziwiri.

Ziphunzitso zonsezi sizigwera mwamuna ndi mkazi mofanana. Mtsikana amaphunzitsidwa kuti iye ndiye mlonda wa pachipata. Mwambi umati mbeta silola tsiku limodzi, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kulimbikitsa khama, koma mkati mwake muli chiphunzitso chakuti mkazi wabwino amakana ngakhale akufuna. Zotsatira zake ndi zoopsa mbali ziwiri. Mkazi amene akufunadi sangathe kunena poyera popanda kudziona ngati hule, ndipo mkazi amene sakufunadi samvedwa, chifukwa mnyamata anaphunzitsidwa kuti "ayi" ndi chiyambi chabe cha zokambirana. Pamenepa m'pamene pamabadwira chinthu chomvetsa chisoni kwambiri, chakuti mtsikana wokakamizidwa amadziimba yekha mlandu: ndinapitiranji kuchipinda kwake, ndinavaliranji chovala chimene chija, ndinalandiriranji ndalama ya thiransipoti. Mawu enieniwo amakondera. Hule, woyendayenda, wopanda khalidwe, onsewa amamatirira mkazi, pamene mwamuna wochita zomwezo amatchedwa wachimasomaso, mawu amene amanenedwa anthu akumwetulira, ndipo kwa anzake iye ndi dolo. Komabe mtsikana yemweyo akadziletsa, chibwenzi chake chimamuuza kuti "ngati umandikondadi undionetse", ndipo akafika zaka 28 asanakwatiwe azakhali amayamba kufunsa pa chinkhoswe chilichonse kuti, "Nanga inu tidzavina liti?"

Za mnyamata sizikambidwa kawirikawiri, chifukwa anthu amaganiza kuti iye ndi womasuka. Koma ufulu wakewo ndi lamulo lobisika. Amamva kuti tonde azinunkha, kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ndipo amadziwa kuti amene sakusonyeza chidwi pa akazi amanongedwa kuti anagwa m'papaya, pamene amene amamvera mkazi wake n'kumuthandiza kuchapa amati anadyetsedwa khuzumule. Akatswiri awiri, Joseph Vandello ndi Jennifer Bosson, analemba mu 2008 kuti m'mitundu yambiri ukazi umaonedwa ngati chinthu chimene munthu amakula nacho, pamene umuna umaonedwa ngati udindo wopezedwa movutikira umene ungalandidwe tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake uyenera kuonetsedwa mobwerezabwereza pamaso pa amuna ena. Kuno kwathu katswiri wina, Amy Kaler, pofufuza zokamba za amuna a kumudzi, anapeza ena akudzitama kuti zibwenzi zawo zingadzaze basi ya Yanu Yanu, ngakhale pa nthawi imene Edzi inkapulula anthu. Tsono taganizirani mnyamata wa ku koleji amene Lachisanu madzulo ali ku mapemphero a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, ndipo usiku womwewo ali m'chipinda ndi anzake anayi amene akuwerengerana atsikana. Iye akuzengedwa m'makhoti awiri nthawi imodzi. Akagonana, khoti la kutchalitchi limamupeza wolakwa. Akapanda kutero, khoti la anzake limamupeza kuti si mwamuna. Ambiri amathawira m'bodza, wina kunamiza anzake kuti anachita, wina kunamiza abusa kuti sanachite, ndipo bodzalo limabala mlandu wachitatu.

Pa mwamuna pali katundu wina, wa ndalama. Chikondi kuno chimaonetsedwa ndi kupereka, kaya ndi ndalama ya sopo, ya tsitsi kapena ya bandulo ya intaneti, ndipo zimenezi si uhule monga alendo ena amaganizira, koma ndi chizindikiro chakuti mwamuna angathe kusamala. Mnyamata wa digiri amene akuyendetsa kabaza ku Chirimba podikira ntchito amamva manyazi a mtundu wake akalephera kupereka, ndipo mtsikana amene walandira thandizo kwa bambo wachikulire wa galimoto amamva kuti ali ndi ngongole imene sangaikane. Popeza mwamuna salira, nkhawa za mnyamata pa za thupi lake zimathera kwa wogulitsa gondolosi ndi timabotolo ta mankhwala pa depoti, osati kuchipatala, ndipo n'zodziwika kuti amuna amachedwa kuyezetsa magazi poyerekeza ndi akazi. Kwa iwo amene mtima wawo umakopeka ndi amuna kapena akazi anzawo, katunduyo amaposa apa, chifukwa pa manyazi pamawonjezeka lamulo. Munali mu Blantyre muno mu 2010 mmene anthu awiri anagamulidwa zaka 14 atachita chinkhoswe, asanakhululukidwe ndi Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2024 khoti linagamula kuti malamulo oletsawo akhalebe.

Chimene chakulitsa vutoli m'badwo uno ndi nthawi. Malamulo akale a kudzisunga anapangidwira anthu amene ankalowa m'banja atangokula. Ngakhale kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti theka la akazi a m'dziko muno linkakwatiwa pofika zaka 18, ndipo theka la amuna pofika zaka 23. Kukwatiwa msanga koteroko kuli ndi mavuto ake aakulu, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 linachita bwino kukweza msinkhu. Koma wachinyamata wa m'tauni amene wapitiriza sukulu amamaliza ku yunivesite ya MUBAS kapena ya KUHeS ali ndi zaka 23 kapena 24, amatha zaka zina akuponya makalata ofunsira ntchito, kenako ayenera kupeza nyumba, kuchita chinkhoswe, ndi kusonkhanitsa ndalama za holo, za zovala ndi za magalimoto a ukwati woyera. Pofika tsiku la perekaniperekani zaka zayandikira 30. Lamulo limene kale linkasungidwa kwa nyengo yochepa tsopano likufunika kusungidwa zaka 10 kapena kuposa, ndipo palibe amene anakhala pansi kukambirana ndi achinyamata za mmene angakhalire m'zaka zimenezo. Ena amangolowana mwakachetechete, n'kumabisa nsapato za mwamuna kuseri kwa kabati mayi akabwera kuchokera kumudzi.

Wina angafunse kuti, ngati kudziimba mlandu kumathandiza achinyamata kudziletsa, vuto lili pati? Funsoli lafufuzidwa kwa nthawi yaitali. Donald Mosher anapanga mu 1966 mafunso oyezera kudziimba mlandu pa za kugonana, ndipo kafukufuku wotsatira, makamaka pakati pa ophunzira a ku America, anapeza kuti amene ali ndi mlandu waukulu mumtima amachedwerako kuyamba, koma akayamba amakhala osadziwa zambiri za kulera ndipo sadziteteza mokwanira. Peter Bearman ndi Hannah Brückner anapeza zofanana pakati pa achinyamata amene analumbira poyera kuti adzadzisunga mpaka ukwati: ambiri anaswa lumbirolo, ndipo pa tsiku loyamba sankagwiritsa ntchito kondomu poyerekeza ndi anzawo osalumbira. America si Malawi, koma mmene zimachitikira mumtima n'zosavuta kuzizindikira. Kugula kondomu masana ndi kuvomereza kuti ukukonzekera kuchimwa usiku, pamene kunena kuti "zinangochitika" kapena "Satana anandinyenga" kumasiya kampata kodzikhululukira. Choncho munthu amasankha, mosadziwa, kugwa m'malo moyenda, ndipo nthawi zina mowa umathandiza kuti kugwako kuoneke ngati ngozi. Wofufuza wina, Agnes Chimbiri, analemba mu 2007 kuti m'mabanja a kuno kondomu imaonedwa ngati mlendo wolowerera, chifukwa kuitchula ndi kuneneza mnzako kapena kudziulula wekha, ndipo maganizo omwewo amalowa m'zibwenzi zikangokhazikika. Mapeto a njira imeneyi amaoneka m'zipatala. Ofufuza a College of Medicine pamodzi ndi bungwe la ku America la Guttmacher Institute anayerekeza kuti mu 2015 munachitika kuchotsa mimba pafupifupi 141,000 m'dziko muno, mmene pa nthawiyo lamulo linkalola kutero pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi, ndipo ambiri mwa iwo amene amafika kuchipatala zinthu zitavuta amakhala atachedwa chifukwa choopa kunena.

Amene anakhalapo m'makomboni a mzinda uno anaonapo mwambo wokatula mimba. M'bandakucha, tambala asanatsike, azakhali awiri amafika pakhomo pa makolo a mnyamata, mtsikana ali pakati pawo atafunda chitenje kumutu, kachikwama ka zovala kali m'manja. Amamukhazika pakhonde pomwe anthu opita kukatunga madzi pampopi adzamuona. Mnyamata amaitanidwa n'kufunsidwa funso limodzi, lakuti, "Kodi ameneyu mukumudziwa?" Iye ali ndi mwayi woyankha kuti inde kapena ayi, kapena kunena mawu ozolowereka aja akuti, "Sindinali ndekha." Mtsikana alibe funso loti ayankhe, chifukwa thupi lake layankha kale. Mwambowu unali ndi cholinga chabwino, chokakamiza mwamuna kusenza udindo wake, koma taonani amene wakhala pakhonde maso ali pansi, ndi amene ali m'nyumba kuseri kwa katani.

Anthu ambiri amaganiza kuti mlanduwu umatha tsiku la ukwati, koma mtima susintha ngati switchi ya magetsi. Mtsikana amene kwa zaka 15 wakhala akuuzidwa kuti chilakolako ndi chodetsa amakhazikidwa pampando wokongoletsedwa pa phwando la amayi lomulangiza, ndipo amayi omwe aja amene ankamuopseza amamuuza tsopano kuti akhale katswiri wa kuchipinda, asamukanize mwamuna, chifukwa akatero adzapita kunja ndipo mlandu udzakhala wake. Pamapeto pake amamuuza kuti banja ndi kupirira. Pa malangizo onsewo ndi kamodzikamodzi pamene wina amatchula kuti iyenso ali ndi ufulu wofuna ndi wokana. Mwamuna, amene kawirikawiri salangizidwa mozama choncho, amalowa m'banja ndi zimene anatola kwa anzake ndi pa foni, akuopa kufunsa chifukwa mwamuna ayenera kudziwa kale. Mabanja ena atsopano amavutika miyezi yambiri ndi ululu, mantha kapena kukhumudwa zimene achipatala akanatha kuthandiza, koma nkhaniyo ikafika kwa ankhoswe imafika itavala zovala zina, monga zakuti ndiwo sizikupsa bwino kapena bambo akubwera usiku.

Sindikunena kuti chikumbumtima chichotsedwe, kapena kuti wachinyamata amene wasankha kudzisunga chifukwa cha chikhulupiriro chake ndi wotsalira. Pali kusiyana pakati pa munthu amene wasankha yekha, amene angathe kukambirana za chisankho chakecho ndi bwenzi lake momasuka ndipo akapunthwa amadziwa kolowera, ndi munthu amene akungothawa maso a anthu. Vuto limene ndikuliona n'lakuti chikumbumtima chathu pa nkhaniyi chinaikidwa pamalo olakwika. Makolo aja a mdulo, ngakhale kuti ankafotokoza matenda molakwika, ankafunsa funso lolondola, lakuti wapwetekedwa ndani. Tikafunsa funso limenelo lero, mlandu umagwera mnyamata wokana mimba yake, bwana kapena mphunzitsi wofuna thupi la munthu posinthana ndi ntchito kapena malikisi, munthu wobisira mnzake matenda, ndi amene amakakamiza. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la mu 2006 ndi lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 analembedwa poganizira opwetekedwa otere. Koma zithunzi za mseri za mtsikana zikamwazika pa WhatsApp, amene amasiya sukulu n'kuthawira kumudzi ndi wojambulidwayo, pamene wotumizayo, amene waswa lamulo, amapitiriza kumwa tiyi pamalo ake akale, ndipo mazana a anthu amene azitumiza kwa anzawo amapita kutchalitchi Lamulungu mtima uli mbee.

Pali chopinga china chimene chili m'kamwa mwathu momwemu. Pa nkhani za thupi Chichewa cha tsiku ndi tsiku chili ndi makomo awiri okha, la mawu otukwana ndi la mawu ozungulira. Timati kumaso, malo obisika, kukhala malo amodzi, kulowa m'nyumba, kudziwana, ndipo mawu enieni a ziwalo tinawasiyira oledzera ndi okangana pa siteji ya minibasi. Anamkungwi anali nacho chinenero chapakati, cha nyimbo, mikanda ndi zifanizo, koma chinali cha kutsimba ndipo sichinapangidwe kuti mwamuna ndi mkazi azilankhulana okha. Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa mu 2007 ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata m'zipatala, ndipo mabungwe ngati Banja La Mtsogolo, limene linayamba mu 1987, ali ndi zipatala mumzinda muno, koma wachinyamata akakhala pamaso pa namwino wa msinkhu wa mayi ake amayambabe ndi kunena kuti mutu ukumupweteka. Anyamata ndi atsikana ophunzira anapeza njira yawo yozembera. Anthu awiri amene akhala pa chibwenzi zaka ziwiri, amene amakambirana za lendi, za maliro ndi za mpira m'Chichewa, akafika pa nkhani yoyezetsa magazi kapena ya kulera amasinthira ku Chingerezi, ndipo kawirikawiri amalemberana pa foni ngakhale atakhala pa mpando umodzi. Mtsikana wogulitsa tomato ku Zingwangwa, amene sukulu anailekezera sitandade 6, alibe chinenero chachiwiri chothawirako.